Funsani Amalume a Makompyuta: Ndigule khadi latsopano kapena ndipirire ndi lakale?

Amalume,

Ndine mnyamata wa zaka 24, ndimagwira ntchito pa shopu ya zipangizo zomangira mu Limbe. Kompyuta yanga ndinagula kwa mnzanga. Purosesa ndi Core i5-7400, RAM ndi 8GB, hard drive ya 1TB, graphics card (khadi lojambula zithunzi za gemu) ndi GTX 1060 ya 6GB. Ndimasewerera pa TV ya mainchesi 32. GTA V ndi Euro Truck Simulator 2 zimayenda bwinobwino, koma FC 25 imadukiza, makamaka pa kona kapena chigoli chikalowa, ndipo Warzone ndinachita kuisiya. Ndasunga K900,000. RTX 4060 ndaipeza m'tauni koma mtengo wake wapitirira pamenepo, ndiye ndikuganiza zokongola yotsalayo kuti GTA VI ikamatuluka indipeze ndili wokonzeka. Anzanga ena akuti ndidikire mitengo itsike, ena akuti ndigule lero chifukwa mawa ikwera. Ndimvere ndani?

Wosewera wa ku Bangwe

Mphwanga,

Za ngongolezo ziyambe zaima. Anzakowo akukangana za mtengo, koma palibe ndi mmodzi yemwe wafunsa ngati khadilo ndi limene likudwaladi. Ine, kuona zimene walembazi, ndikukayika.

A EA, eni ake a FC 25, amati gemu imeneyi imayamba kuyenda pa GTX 1050 Ti, ndipo khadi limene amalimbikitsa ndi GTX 1660. GTX 1060 yako ili pakati pa awiriwa, ndipo yayandikira kwa wamkuluyo. Koma pa RAM, malo amene kompyuta imaika zimene ikugwiritsa ntchito nthawi imeneyo, amati 8GB ndi yongolowera pakhomo, yoyenera ndi 12GB. Pa purosesa amayambira pa i5-6600K, imene imathamanga kuposa i5-7400 yakoyo. Ndiye mwa zonse zili m'bokosi lakolo, chimene chakhoza bwino mayeso a EA ndi chomwecho ukufuna kuchizula.

Kadukizidwe kake nakonso kakuulula zambiri. Khadi likachepa mphamvu, gemu imalemera yonse, kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza. Koma ikamayenda bwino kenako n'kugwidwa mwadzidzidzi pa kona, pa chigoli, kapena pamene kamera ikutembenukira kwa ochemerera, kawirikawiri ndiye kuti RAM yadzaza. Windows ikaona choncho imayamba kusungiza zinthu pa hard drive, ndipo hard drive ya mbale zozungulira ngati yakoyo imachedwa kubweza zimene aisungiza. Gemu imaima kudikira. Purosesa ya ma core anayi okha nayo imabanika nthawi yomweyo, makamaka ngati Chrome ili chitsegulire kumbuyo.

Usangomvera ine, yeza wekha, kuyezako n'kwaulere. Ika pulogalamu ya MSI Afterburner pamodzi ndi RivaTuner imene imabwera nayo, uikonze kuti izionetsa pakona pa sikirini zinthu zinayi: ntchito ya GPU (khadilo), ntchito ya CPU (purosesa), RAM ndi kutentha kwa khadi. Sewera machesi awiri ukuponya diso pamenepo. GPU ikamakhala pa 97 mpaka 99 peresenti osatsika, ndiye kuti khadi likupereka zonse zimene lili nazo, ndipo ndi limene lakufikitsa pa malire. Koma ikamayendayenda cha m'ma 60 kapena 70, pamene CPU yamatirira pa 100 ndipo RAM yatsala pang'ono kudzaza, khadilo likungokhala kudikira anzake. Njira ina yachidule ndi kutsitsa resolution, kuchuluka kwa timadontho topanga chithunzi, kufika pa 720p. Mafelemu, zithunzi zimene gemu ikutulutsa pa sekondi, akalumpha kwambiri, vuto ndi khadi. Akakhala pomwepo ndipo kudukiza kukapitirira, ukhoza kugula ngakhale RTX 5090 imene inatuluka pa madola 1,999, FC 25 idzagwidwabe pa kona.

Kutenthako ukuyang'anitsitse. Makhadi a m'badwo wa GTX 10 akafika cha pa madigiri 83 amayamba kudzichepetsera liwiro okha kuti asapse. GTX 1060 inatuluka mu Julayi 2016, ndipo ambiri a msinkhu umenewu sanatsegulidwepo chiwagulire. Akafika pa benchi panga, ndikachotsa mafani ndimapeza fumbi laundana pakati pa tizitsulo toziziritsira, lolimba moti ukalikoka ndi pini limachoka lathunthu, pamene thermal paste, phala lothandiza kuchotsa kutentha pa chip, yauma n'kung'alukang'aluka. Burashi yofewa, blower, paste yatsopano, khadi limazizira n'kubwerera pa liwiro lake. Mwezi wa Okutobala m'nyumba ya malata yopanda siling'i, kusiyanako sukuchita kufunsa.

Zikapezeka monga ndikuganizira, yamba ndi RAM ina ya 8GB ya DDR4 yofanana liwiro ndi imene ilimo, zikwane 16GB. Kukhala ziwiri kokhako kumathandiza, chifukwa purosesa imalankhula nazo pa njira ziwiri m'malo mwa imodzi. Kenako SSD, yosungira zinthu yothamanga kuposa hard drive, ya 500GB kapena kuposa, usamutsireko Windows ndi magemu awiri amene umasewera kwambiri. Hard drive ikhale yosungira zina. Zonsezi siziyenera kudya ngakhale theka la ndalama wasungazo. Uonenso TV yako. Ma TV ambiri a mainchesi 32 ndi a 1366 kwa 768, ndipo amaonetsa mafelemu 60 okha pa sekondi. Khadi lotulutsa mafelemu 140 pa TV yotere likuphikira munthu wokhuta. Ngati ili ndi Game Mode, iyatse.

Tibwere kwa anzako aja. Amene akuti udikire akukumbukira 2022, ndipo sakunama. Mu 2021 makhadi anasowa dziko lonse chifukwa cha Covid-19 komanso anthu okumba ndalama za crypto, amene ankawagula m'makatoni. Pa 15 Seputembala 2022, Ethereum, imodzi mwa ndalama za crypto, inasintha kachitidwe kake, kukumba ndi makhadi kunatha, ndipo makhadi ogwiritsidwa kale ntchito anasefukira pa msika mitengo n'kugwa. Amene anadikira anaseka. Koma chimene chakweza mitengo panopa ndi china. Nvidia ndi AMD, makampani a makhadiwa, alibe mafakitale awoawo opangira ma chip. Amapangitsa ku TSMC ya ku Taiwan, ndipo mafakitale omwewo ndi amene akupanga ma chip a AI amene makampani akuluakulu akulimbirana. M'chaka chake cha malonda chimene chinatha mu Januwale 2025, Nvidia inapeza madola 130.5 biliyoni. Mwa amenewa, 115.2 biliyoni anachokera ku ma data centre, pamene ife a magemu tinapereka 11.4 biliyoni. Ukakhala mwini kampani, uyamba kutumikira ndani? Memory nayo ndi nkhani yomweyo. Makampani atatu, Samsung, SK Hynix ndi Micron, ndi amene amapanga pafupifupi yonse, ndipo atatembenukira ku AI mitengo ya RAM inakwera moopsa chakumapeto kwa 2025. Mu Disembala chaka chomwecho Micron inalengeza kuti ikusiya kugulitsa RAM ndi ma SSD a Crucial kwa anthu wamba. Ichi n'chifukwa chake RAM ndakuuza ija ndi bwino uisake yogwiritsidwa kale ntchito, poti RAM siitha msanga.

Kwathu kuno palinso phiri lachiwiri. RTX 4060 inatuluka mu Juni 2023 pa madola 299. RTX 5060, imene inailowa m'malo mu Meyi 2025, nayo inatuluka pa madola 299. M'madola mtengo wolengezedwa sunasunthe, koma kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Woitanitsa katundu dola saipeza mophweka ku banki, ndiye uwonjezerepo mtengo wonyamulira, msonkho wa MRA ndi phindu lake. Khadi litatsika ndi madola 30 ku America, pofika mu Limbe kutsikako kudzakhala kutasungunuka m'njira. Choncho kudikira kuti mitengo igwe si pulani. Koma kugula mothamangitsidwa ndi mantha a mawa si pulaninso. Iwe umagulitsa malata, ukudziwa kuti munthu akagula lero n'kuwasunga, zaka zitatu zikubwerazi adzafolera nyumba yomweyo. Khadi silitero. Limakalamba lili m'bokosi, chifukwa linzake lamphamvu limatuluka pa mtengo womwewo.

N'chifukwa chake GTA VI isakulowetse m'ngongole. A Rockstar, eni ake a GTA, polengeza gemuyi anatchula PlayStation 5 ndi Xbox Series X ndi S, kompyuta sanaitchule. Ndi khalidwe lawo. GTA V inatuluka pa ma console mu Seputembala 2013, pa kompyuta inafika mu Epulo 2015. Red Dead Redemption 2 inatuluka mu Okutobala 2018, pa kompyuta mu Novembala 2019. Ukagula khadi lero chifukwa cha gemu imene zofunikira zake pa kompyuta sizinalembedwe, ukusoketsa malaya a mwana amene sanabadwe, ndipo chiwongoladzanja chikhala chikuwerengedwa.

Sindikunena kuti GTX 1060 idzakhala mpaka kalekale. Dzuwa lake lapendeka. Nvidia inasiya kutulutsira makhadi a GTX 10 ma driver (mapulogalamu oyendetsa khadi) a magemu atsopano mu Okutobala 2025, kwatsala zigamba za chitetezo zokha mpaka 2028. Magemu ena, monga Doom: The Dark Ages ya mu Meyi 2025, satseguka n'komwe pa khadi lopanda ray tracing, njira yatsopano yojambulira kuwala ndi mithunzi. DLSS, imene imajambula chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa mwaluso kuti mafelemu achuluke, ndi ya makhadi a RTX okha, ngakhale kuti FSR ya AMD, yochita zofanana ndi zimenezi, imagwira ntchito pa khadi lako m'magemu ambiri, ndipo pa Warzone ukanayamba waiyesa usanathawe. Komanso Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo i5-7400 palibe pa mndandanda wa mapurosesa ovomerezeka pa Windows 11. Kompyuta yonseyo ikukalambira limodzi. Ndalama ikathera pa khadi lokha, chaka chamawa udzakhala ndi khadi labwino m'nyumba yogumuka, ulibe kanthu m'thumba.

Kuyeza kuja kukaonetsa kuti khadi ndi limenedi lafika pa malire, nali ganizo langa. RTX 4060 si khadi loipa. Limadya mawati 115 okha, kuchepera 120 a GTX 1060 yako, ndipo kwa munthu wosewerera pa inveta magetsi akathima chimenechi n'chachikulu. Chimene sindilikondera ndi memory yake ya 8GB. Kuchoka pa 6GB kufika pa 8GB utalipira ndalama zonsezo ndi phazi limodzi lokha, pamene magemu atsopano ayamba kale kudzaza 8GB ngakhale pa 1080p ukakweza ma texture, zithunzi zokuta makoma, zovala ndi zina za m'gemu. Ine ndikanasaka RTX 3060 ya 12GB yogwiritsidwa kale ntchito. Inatuluka mu Febuluwale 2021, imachepa liwiro pang'ono poyerekeza ndi 4060, imadya mawati 170, koma ili ndi malo opumira. Ndalama ikavuta, RX 6600 ya AMD, ya 8GB ndi mawati 132, imapezeka motchipirapo ndipo 1080p imaitha bwino. Intel Arc B580 ya 12GB, imene inatuluka pa madola 249, imakopa ukaiona pa pepala, koma imafuna Resizable BAR, chinthu chimene motherboard ya m'badwo wakowo nthawi zambiri ilibe. Isiye.

Power supply, chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta, sunaitchule m'kalata yako, ndipo amene saitchula kawirikawiri ndi amene ali ndi yopanda dzina. Tsegula bokosi uwerenge pepala lomata pambali pake. Usatengeke ndi nambala yaikulu yolembedwa pamwamba. Pita pa mzere wa +12V, uchulukitse ma amp ndi 12. Ikalembedwa 500W koma pa 12V pali ma amp 18, mphamvu yeniyeni ya khadi ndi purosesa ndi mawati 216 basi. Nvidia imalimbikitsa power supply ya mawati 550 pa RTX 3060 ndi pa 4060 pomwe. Ukainyamula m'manja n'kumapepuka ngati mulibe kanthu, mtengo wa ina yabwino uulowetse mu bajeti ya khadi, pamodzi ndi kachipangizo kochedwetsa magetsi akangobwera kumene, konga kamene timaika pa firiji. Makompyuta ambiri amene amabwera kwa ine atapsa sanafe pamene magetsi ankathima, anafa pamene ankabwera.

Ukamagula la kaunjika, usalipire khadi uli chiimire pa depoti. Likalowe m'kompyuta iwe ukuona. Tsegula pulogalamu ya GPU-Z uone dzina, kukula kwa memory ndi kuchuluka kwa ma shader, uyerekeze ndi zimene zalembedwa pa intaneti. Alipo makhadi akale kwambiri amene anthu amawasintha dzina kuti azioneka ngati GTX 1050 Ti, ndipo GPU-Z ambiri mwa iwo imawalemba kuti ndi abodza. RTX 3060 ilipo ya 8GB imene imachedwa kuposa ya 12GB ngakhale dzina ndi limodzi. RX 580 yolembedwa 2048SP mphamvu yake ndi ya RX 570. Kenako yendetsa pulogalamu yolemetsa khadi ya FurMark kapena Unigine Heaven kwa mphindi 20 kapena 30. Timadontho tobiriwira, mizere yothwanima, sikirini kuda kwa kanthawi, fani yolira kapena yogwedera, chimodzi mwa zimenezi chikaoneka bweza khadi. Linunkhize cha polowera magetsi, uyang'ane dzimbiri pa zomangira. Khadi limene linakumbapo crypto silikhala loipa nthawi zonse, koma mafani ake amakhala atatopa. Wogulitsa akakana kuti uyese, wakuyankha kale. Ndipo GTX 1060 yako usaitaye m'kabati. Anyamata a FC ndi GTA V akuisakabe, igulitse iwonjezere pa thumba la motherboard ndi purosesa.

Amalume,

Ndimakhala ku Johannesburg. Ndili ndi RTX 3070, Ryzen 5 5600 ndi monitor ya 1440p. Magemu atsopano akumayenda bwino poyamba, koma pakapita mphindi zingapo makoma ndi zovala za anthu zimaoneka zofufutika, kenako kudukiza. Ndikuganiza za RTX 5070. Ndalama ilipo, si ya ngongole, ndipo ya kumudzi ndatumiza kale.

Wowerenga wa ku Turffontein

Achimwene,

Poti mwayamba n'kutumiza ya kumudzi, tikhoza kukambirana momasuka. Vuto lanu ndi lenileni, ndipo mwalifotokoza ndendende. RTX 3070 inatuluka mu Okutobala 2020 pa madola 499, chip yake ikadali ndi mphamvu, koma anaipatsa memory ya 8GB. Pa 1440p imeneyi imadzaza, gemu n'kuyamba kutaya ma texture kuti ipeze malo. Kufufutika mukukuonako n'kumeneko. Tsitsani ma texture ndi sitepe imodzi, muzimitse ray tracing, muyatse DLSS pa Quality. Mukakhutira ndi zimene mukuona, khalani nalo chaka china.

Mukapanda kukhutira, gulani, koma musachoke pa 8GB n'kukaima pa 12GB ya RTX 5070 musanaone mtengo wa RX 9070 ndi RX 9070 XT. Onse atatu anatuluka mu Malichi 2025. RTX 5070 ndi RX 9070 analengezedwa pa madola 549, XT pa 599, koma a AMD awiriwa ali ndi 16GB. Matenda amene akukuchotsani pa 3070 ndi a memory, ndiye musagule khadi limene lidzadwale omwewo msanga. Yerekezani mitengo ya Wootware, Evetech ndi Takealot tsiku limodzi, chifukwa imasiyana. XT imadya mawati oposa 300, choncho power supply yanu ikhale ya 750W yodziwika dzina. Lisiti mulisunge bwino. Mwayi umene muli nawo kumeneko, umene ife kuno timausirira, ndi waranti yoti mukhoza kukabweza katundu.

Amalume,

Mwana wanga ali Fomu 3. Tinamugulira kompyuta ya Dell OptiPlex yaing'ono ija, yochokera m'maofesi. Tsopano akuti ikufunika graphics card ya RTX kuti azichitira za kusukulu. Kodi n'zoona?

Mayi wa ku Area 25, Lilongwe

Mayi,

Za kusukulu za Fomu 3, kulemba, kuwerenga mabuku a PDF, kuonera maphunziro pa YouTube, kompyutayo ikuzitha mmene ililimu. Mwanayo akufuna mpira, ndipo si tchimo, kungoti wakulungira pempho lake m'chikuto cha buku.

Mukafuna kumusangalatsa, dziwani kuti makhadi ambiri salowa m'kabokosi kameneko. Ndi kopyapyala, ndipo power supply yake ndi yaing'ono, ya mapulagi a Dell okha, yopanda chingwe chodyetsera khadi. Chimene chingalowe ndi khadi lalifupi, lotchedwa low profile, limene limakhuta ndi mawati 75 a pa motherboard. GTX 1050 Ti, GTX 1650 ndi RTX 3050 ya 6GB alipo opangidwa motero, koma muonetsetse kuti ndi lalifupilo, chifukwa mayina omwewo alinso ndi aakulu. Ngakhale apo, wokonza makompyuta ayambe waona mawati a power supply ndi malo amene atsala m'kati musanatulutse ndalama. Zikavuta, musalole kuti wina adule zingwe n'kulumikiza power supply ina yolendewera kunja kwa bokosi m'chipinda chogona mwana. RAM ikakhala 4GB, yambani ndi imeneyo pamodzi ndi SSD, pakuti zimenezi zithandizadi ndi za kusukulu zomwe. Khadilo mumuuze kuti nkhani yake idzakambidwa lipoti la teremu ino likafika.